Alandilodi akuti achotsa chitseko Loweruka, kodi lamulo limawalola?

Mayi Wosoka analemba:

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru chifukwa tulo sindikutiona.

Ndimakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri pamodzi ndi ana anga ndi mng'ono wanga. Ntchito yanga ndi yosoka, ndipo makina anga ali m'nyumba momwemo. Polowa ndinapereka dipoziti yofanana ndi lendi ya miyezi iwiri. Pepala la mgwirizano sitinalembe, alandilodi anati ndife anthu akuluakulu, tizingokhulupirirana. Lendi ndimatumiza pa foni mwezi ndi mwezi, ndiye mauthenga a ndalamawo ndili nawo onse.

Mvula itayamba, denga la kuchipinda kwa ana linayamba kudontha mpaka siling'i inafufuma n'kumalendewera pamwamba pa bedi. Ndinawaimbira, anati abwera. Ndinawatumizira zithunzi pa WhatsApp, anangoyankha kuti "ndaona". Mwezi unatha, zii. Ndiye ndinaitana mmisiri, anasintha malata atatu ndi mtanda umodzi wowola, ndipo zonse pamodzi zinadya theka la lendi ya mwezi. Mwezi wotsatira ndinatumiza theka linalo limodzi ndi zithunzi za malisiti.

Nkhondo inayambira pamenepo. Akuti ndili ndi ngongole chifukwa sananditume kukonza. Andipatsa masiku 7, pa foni, kuti nditulukemo, apo ayi abwera Loweruka kudzachotsa chitseko chakumaso ndi kutseka madzi pa mita. Akutinso makina osokera awagwira kaye mpaka ndimalize ngongole, ndipo za dipoziti ndiiwale. Dzulo mnyamata amene amawathandiza wanditsina khutu kuti vuto si lendi ayi, nyumbayi akuigulitsa ndipo wogulayo akuifuna yopanda munthu.

Kodi munthu wopanda pepala ngati ine ali ndi poimira? Akabweradi Loweruka ndi nyundo, nditani? Nanga ndalama ya denga ija, ndinali ndi ufulu woidula pa lendi?

Kalaliki Wopuma anayankha:

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Ine ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki wa kukhoti, ndipo mafayilo a mikangano ya lendi adadutsa ambiri m'manja mwangamu. Si ine loya, choncho zimene ndinene pano zisakulepheretseni kukaonana ndi loya, kapena a ofesi yothandiza anthu pa milandu mwaulere, sabata yomwe ino. Simunatchule dziko limene muli. Masiku a notisi ndi mayina a maofesi amasiyana malinga ndi dziko, koma zikuluzikulu za nkhani yanuyi n'zofanana pafupifupi kulikonse kumene kuli makhoti.

Za pepala zisakuopseni. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu. Munthu akakupatsani makiyi, inu n'kumamulipira mwezi uliwonse, iye n'kumalandira, khoti limaona kuti pali lendi ya mwezi ndi mwezi. Pepala limangothandiza pa umboni, ndipo inu umboni muli nawo wabwino kuposa anthu ambiri amene ndinkawaona atanyamula tizidutswa ta mapepala tong'ambika. Uthenga uliwonse wa ndalama uli ndi tsiku, nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Usiku uno womwe jambulani mauthenga onsewo, ndi a pa WhatsApp omwe, muwatumize ku foni ya mng'ono wanu kapena ku imelo. Foni imabedwa, ndiponso mnzanuyo akhoza kufufuta zimene analemba.

Tsopano za Loweruka. Munthu asanatulutsidwe m'nyumba imene akukhala, pamayamba notisi yolembedwa, ya nthawi imene lamulo limafuna. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi kawirikawiri siichepera mwezi wathunthu, ngakhale kuti kwina notisi ya ngongole imakhala yaifupi kuposa apo. Notisiyo ikatha inu osatuluka, mwini nyumba amakasuma. Khoti likamva mbali zonse ziwiri n'kugamula kuti mutuluke, obwera kudzakutulutsani amakhala a sherifi kapena ena otumidwa ndi khotilo, chikalata chili m'manja. Mwini nyumba ndi anyamata ake a nyundo alibe gawo pamenepa. Anthu ambiri amasokoneza notisi ndi chigamulo, ndipo amanyamula katundu usiku atangolandira kalata. Notisi ndi mawu a mwini nyumba akuti akufuna nyumba yake, sikuti mlandu watha. Ngakhale mukanakhala ndi ngongole ya chaka chonse, yoti simungaikane, kuchotsa chitseko, kusasula denga, kusintha maloko kapena kutseka madzi n'kudziweruzira mlandu yekha, ndipo makhoti amadana nazo zimenezi kuposa mmene amadanirana ndi ngongoleyo.

Maganizo amenewa si a dzulo. Ku England, mu 1381, m'nthawi ya mfumu Richard II, anali ataletsa kale kulowa pamalo mwa mphamvu, ngakhale kwa munthu amene akuti malowo ndi ake, chifukwa aliyense akamadzilandira yekha chimene akuti n'chake mapeto ake amakhala mwazi. M'zaka za m'ma 1950 ku Notting Hill, mu London, kunali landilodi wina, Peter Rachman, amene anatchuka ndi kuzunza okhala m'nyumba zake kuti achoke okha, iye alowetsemo ena pa lendi yokwera. Mbiri yake itafalikira mu 1963, iye atamwalira kale, aphungu anakhwimitsa malamulo. Lero kumeneko lamulo la Protection from Eviction Act la 1977 limati kuthamangitsa munthu popanda khoti, kapena kumamudulira madzi ndi magetsi kuti atope achoke, ndi mlandu woti munthu akhoza kulowa nawo m'ndende. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ofuna nyumba ndi iwowo, ndiye oyenera kuyenda ulendo wa kukhoti ndi iwowo. Inu simufunika chilolezo cha woweruza kuti mugone m'nyumba imene mukulipira.

Makina nawonso sangangowanyamula. Kale m'mayiko ambiri landilodi ankaloledwa kugwira katundu wa munthu wa ngongole ya lendi asanapite kukhoti. Ku England anathetsa zimenezi mu 2014 pa nyumba zogonamo. Kumene lamuloli lidakalipo, monga ku Kenya, ogwira katunduyo amakhala anthu a chiphaso, otsatira ndondomeko yake, osati mwini nyumba ndi manja ake. Ndiponso zida za ntchito imene munthu amadalira zimakhala m'gulu la katundu wotetezedwa m'malamulo ambiri, chifukwa ukalanda telala makina wamutsekera njira yokubwezera ndalama yako yomweyo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili kumbali yanu. Poterera ndi pa theka la lendi lija.

Zoti denga ndi udindo wa mwini nyumba palibe wotsutsa. Mu 1953, ku England, pa mlandu wa Warren v Keen, woweruza Lord Denning anafotokoza kuti wochita lendi ayenera kugwira tintchito ting'onoting'ono ta pakhomo, monga kutsegula sinki yotsekeka, kusintha fyuzi ndi kutsuka mawindo, koma nyumba ikawonongeka chifukwa cha ukalamba, iye alibe mlandu. Mtanda wowola simunauwoletse ndinu. Munachitanso bwino kuwauza. Pa mlandu wa O'Brien v Robinson wa 1973, siling'i inagwera banja lina lili pabedi n'kulivulaza, koma khoti lalikulu la ku Britain linati landilodi sangalipire chifukwa sanadziwitsidwe za vutolo lisanachitike. Ndiye kaliwu kaja koti "ndaona" mukasunge bwino, n'kamtengo wapatali kuposa malisiti onse.

Kukonza n'kudula pa lendi nakonso kumadziwika m'malamulo. Khoti la ku England linavomereza zimenezi mu 1971 pa mlandu wa Lee-Parker v Izzet, ndipo ku California lamulo limalola kudula ndalama zosapitirira lendi ya mwezi umodzi, kawiri kokha pa miyezi 12. Chimene oweruza amayang'ana ndi mmene munayendera. Amafuna kuona kuti munalemba kalata yopereka tsiku lomaliza, munanena poyera kuti tsikulo likadutsa mukonza nokha n'kudula pa lendi, ndipo munatumiza mitengo ya amisiri awiri kapena atatu ntchito isanayambe. Inu munadziwitsa za kudontha, koma za kudula anazimva ndalama itafika kale yoperewera. Woweruza wina angakumvetseni chifukwa cha ana ogona pansi pa siling'i yolendewera, wina ayi.

Ndikanakhala ine, ndikanasaka theka lijalo n'kulitumiza lisanafike Loweruka, ndi uthenga wakuti ndalipira pofuna kupewa mkangano, koma ndalama ya denga ndikuifunabe ndipo ndiitsatira. Zimapweteka, ndikudziwa, kulipira kawiri chinthu chimodzi. Koma ngongoleyo ndi chida chokhacho chimene ali nacho. Mukachichotsa m'manja mwawo, otsala ndi ngongole amakhala iwowo.

Mawa alembereni kalata yaifupi yopanda chipongwe. Nenani kuti simunalandire notisi yolembedwa, kuti simukuvomera kutuluka, ndiponso kuti akachotsa chitseko kapena kutseka madzi mukadandaula kukhoti tsiku lomwelo. Pitaninso kupolisi mukalembetse kuti mwaopsezedwa. Mwina akakuuzani kuti za lendi si zawo, koma inu mukaumirire kuti mwabwera ndi nkhani ya kuopsezedwa, osati ya lendi. Loweruka m'nyumba musasowe munthu wamkulu, foni ikhale yodzaza moto, ndipo wina asagwire mnzake ngakhale malaya.

Mwini Nyumba Zitatu anayankha:

A Kalaliki, mwalankhula zomveka, koma mwalankhula ngati munthu amene sanadikirepo lendi kuti akalipire ngongole ya kubanki. Ine ndalama zanga zonse za penshoni ndinazikwirira m'nyumba zitatu, ndipo imodzi banki idakali nayo gawo. Banki simva zoti denga linadontha. Tsiku lake likakwana imafuna yonse, msonkho wa malo nawo umafuna wonse. Anthu akamva kuti landilodi amaganiza za munthu wonenepa wokhala pa khonde kuwerenga ndalama, pamene ambiri a ife ndi nkhalamba zimene zikudalira lendi kuti zigule mankhwala.

Ndiye Mayi, ndikuuzeni mmene zimamvekera kumbali ino. Munthu wokhala m'nyumba yanga akaitana mmisiri wake, ine sindidziwa ngati malatawo ndi olimba kapena ndi aja opyapyala, sindidziwa ngati mtandawo unalidi wowola, ndipo lisiti la mmisiri aliyense akhoza kulilemba pansi pa mtengo. Sindikunena kuti inu munachita zachinyengo. Ndikungoti nyumba ndi yanga, ndipo ikadzagwa zaka zikubwerazi wolira ndi ine, choncho ndili ndi ufulu wosankha wokwera padenga langa. Ndili ndi ufulu wolandira lendi yonse pa tsiku lake, wolowa kudzaona mmene nyumba ilili nditadziwitsa pasadakhale, ndiponso wogulitsa nyumba yanga tsiku limene ndafuna. Ndinakhalapo ndi munthu amene anasiya kulipira, n'kulowetsa anthu ena m'chipinda chimodzi kumawalipiritsa iye, ndipo pamene khoti linkamaliza mlandu ine ndinali nditagulitsa galimoto. Njira ya khoti imene mukuiyamikirayo ndi yochedwa, ndipo wolipira kuchedwako ndi mwini nyumba.

Ngakhale zili choncho, mnzanga wa chitsekoyu sindimuikira kumbuyo. Anauzidwa, anaona zithunzi, anakhala chete mwezi wathunthu nthawi ya mvula. Ufulu wosankha mmisiri anautaya yekha pamenepo. Ndipo landilodi wochotsa chitseko amadziwotcha yekha, chifukwa amalowa m'khoti ngati wodandaula n'kutulukamo ngati wolipira.

Ngati nkhani ya kugulitsa ili yoona, Mayi, ndiye kuti muli ndi mphamvu kuposa mmene mukudzionera. Wogula ali ndi tsiku lake, ndipo mlandu ukalowa m'khoti malondawo akhoza kufa. Munthu wanzeru zake pamenepa saopseza, amakambirana. Inenso ndikafuna nyumba mwachangu ndimakhala pansi ndi wokhalamo, ndimamupatsa miyezi iwiri yosakira kwina, mwezi womaliza osalipira, dipoziti yonse ndi galimoto yonyamulira katundu. Zimanditsikira mtengo kuposa loya. Ngati mumtima mwanu mukudziwa kuti nyumbayi simukhalitsamo, pitani ndi mfundo zimenezi, muwonjezerepo ndalama ya denga, ndipo zonse zilembedwe, mboni zisaine.

Wa ku Joni anayankha:

Achemwali, limbani mtima. Ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndinene za kuno chifukwa mwina ena owerenga ali mbali ino, komanso kuti muone zinthu zoti mukafunse kwanuko.

Kuno nkhaniyi ili m'malamulo aakulu a dziko enieniwo a 1996. Gawo 26 limati munthu asatulutsidwe m'nyumba yake popanda chilolezo cha khoti, ndipo khotilo liyambe laona mmene zinthu zonse zilili. Lamulo la 1998 loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata ndondomeko, limene anthu amangoti PIE, limafuna kuti wokhala m'nyumba ndi khonsolo ya mzinda alandire notisi yolembedwa masiku 14 mlandu usanamvedwe, ndipo woweruza amaganizira ngati m'nyumbamo muli ana, okalamba, olumala, kapena ngati mutu wa banja ndi mayi. Panali mkangano woti kaya lamuloli limatetezanso munthu amene lendi yake inatha koma sanatuluke. Mu 2002, pa mlandu wa Ndlovu v Ngcobo, khoti la apilo linati limamuteteza.

Palinso Rental Housing Act ya 1999, yokhudza nyumba za lendi. Imati pangano la pakamwa ndi lovomerezeka, koma wochita lendi akapempha kuti lilembedwe, landilodi sangakane. Lisiti ndi lokakamiza. Kutsekera munthu kunja kapena kumudulira madzi ndi magetsi mosatsata lamulo ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende mpaka zaka ziwiri. Ndipo m'chigawo chilichonse muli Rental Housing Tribunal, bwalo lomva mikangano ya lendi, kumene umakadandaula osalipira kanthu, popanda loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Anzathu ambiri obwera kuno sapitako chifukwa cha mantha, amangolongedza. Alandilodi ena amadalira mantha omwewo.

Chimene chinandidabwitsa nditangofika ndi ichi. Akakuchotsera chitseko kapena kukusinthira maloko, ukathamangira kukhoti, woweruza safunsa kaye zoti ngongole ilipo kapena ayi. Amangofuna kudziwa ngati unkakhalamo mwamtendere ndiponso ngati wachotsedwa popanda lamulo. Zikatsimikizika, amalamula kuti zinthu zibwerere mmene zinalili, za ngongolezo mudzakangane pambuyo. Ndinaona mnzanga wa pa ntchito akubwezeretsedwa m'chipinda chake chonchi, ngongole ali nayo ndithu, ndipo anailipirabe pambuyo pake. Mukafunse ngati khoti lakwanuko lili ndi njira yachangu yofanana ndi imeneyi, ambiri ali nayo.

Bambo a nyumba zitatu, kuno nanunso lamulo silikutayani. Landilodi ali ndi gawo pa katundu wa m'nyumba ngati chikole cha lendi, kungoti amayenera kutenga chilolezo kukhoti kaye, ndipo wolemba katunduyo amakhala sherifi.

Mayi Wosoka anayankhanso:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Theka lija ndabwereka kwa mlamu wanga ndipo ndatumiza ndi mawu amene a Kalaliki ananena. Kalata nayonso ndapereka. Za chitseko sakuzitchulanso. Tsopano akuti iwo alibe nane mawu, wogulayo ndi amene adzandichotse chifukwa iye sanapangane nane kanthu. Za dipoziti akuti yonse ipita ku penti chifukwa makoma ada. Makomawo sanapakidwe chilowereni ine, ndipo ndinawapeza ali otuwa kale. Nyumba ikagulitsidwa, dipoziti ndikaifunse kwa ndani?

Namwino wa Usiku anayankha:

Mayi, ndiyankhe mwachidule, ndili pa ntchito. Ine ndili ku Germany, kumene anthu ochita lendi ndi ochuluka kwambiri, ndipo funso lanuli lamulo la kuno linaliyankha kalekale. Nyumba ikagulitsidwa, wogula amalowa m'malo mwa landilodi wakale pa pangano lomwe lija, lendi yomweyo, mfundo zomwezo. Dipoziti nayo amayankha ndi wogulayo, kaya anailandira kwa wogulitsa kaya ayi, ndipo akalephera kubweza, wakale uja amafunsidwabe. Dipoziti kuno siipitirira lendi ya miyezi itatu, umaloledwa kuipereka m'magawo atatu, ndipo imasungidwa padera, osati m'thumba la landilodi. Akafuna kukuchotsa amafunika chifukwa chovomerezeka, monga chakuti iye kapena wachibale wake akufuna kukhalamo, ndipo notisi imayambira miyezi itatu, imafika isanu ndi umodzi ukakhalamo zaka zisanu, ndi isanu ndi inayi ukakhalamo zaka zisanu ndi zitatu. Koma ngongole ikakwana ya miyezi iwiri, akhoza kuthetsa pangano popanda kudikira miyezi imeneyi, ndiye munachita bwino kutseka dzenje lija.

Kalaliki Wopuma anayankhanso:

Mwayenda bwino, Mayi. Mlamu wanuyo mudzam'bwezera ndi ndalama ya denga.

Zimene anena a Namwino si za ku Germany kokha. Ku South Africa ndi ku Netherlands nakonso lendi imapitirira nyumba ikagulitsidwa, ndipo m'mayiko otsatira malamulo ochokera ku England wogula nyumba yokhala ndi munthu wa lendi yaifupi amaigula ndi munthuyo. Wogula akhoza kudzathetsa lendi ya mwezi ndi mwezi, inde, koma podutsa njira yomwe ija ya notisi ndi khoti. Chikalata chogulira nyumba si chigamulo chokutulutsani. Mukangodziwa wogulayo, mulembereni kalata yomudziwitsa kuti mulimo, mumalipira zingati, ndipo munapereka dipoziti ya miyezi iwiri. Kope lake lipite kwa alandilodi. Mukatero palibe amene adzati sankadziwa, ndipo nthawi zambiri wogula amakakamiza yekha wogulitsa kuti nkhani ya dipoziti ithe malonda asanatsekedwe. Lendi musasinthe kolipira mpaka mutalandira kalata yochokera kwa alandilodi akale yonena kuti tsopano muzilipira uje. Ndinaonapo anthu akulipira munthu wongobwera ndi mawu apakamwa, kenako n'kuimbidwa mlandu wa ngongole.

Za penti n'zopanda mutu. Dipoziti ndi ndalama yanu imene ili m'manja mwa wina ngati chikole. Imadulidwa pa lendi yosalipidwa ndi pa zimene mwawononga, monga galasi losweka, chitseko chothyoka, kapena khoma limene ana analikumba. Kutuwa kwa makoma, kutha kwa simenti pakhomo polowera, mpopi wotha ndi ukalamba, zimenezo n'zimene lendi ya mwezi ndi mwezi imalipirira kale. Wofuna kudula ndi amene ayenera kuonetsa kuti nyumba inali bwanji polowa ndipo ili bwanji potuluka. Achimwene a ku Joni angandivomereze kuti kumeneko landilodi akapanda kuyendera nyumba limodzi ndi wotulukayo, lamulo limatenga ngati wavomera kuti nyumba ili bwino, ndipo amabweza dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake. Ngati palibe chodula, amabweza pasanathe masiku 7. Ku England, kuyambira 2007, dipoziti imayenera kutetezedwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo landilodi wonyalanyaza akhoza kulipitsidwa mpaka katatu kuchuluka kwake. Inu fufuzani m'foni zithunzi zakale, ngakhale za ana akusewera pabalaza m'miyezi yoyambirira. Khoma limaoneka kumbuyo kwawo, ndipo chithunzi chimasunga tsiku.

Bambo a nyumba zitatu, za kuchedwa kwa makhoti sindikutsutsani, ndinkaziona ndi maso angawa, ndipo mafayilo ena ankakalamba pa shelefu mwini nyumba akuvutika. Ngakhale komiti ya United Nations yoona za ufulu wa malo okhala inavomereza mu 1997 kuti munthu wosalipira lendi mobwerezabwereza akhoza kutulutsidwa, bola zichitike motsata lamulo, osati usiku kapena nyengo itaipa. Pamene ndikusiyana nanu ndi poti lendi iyenera kubwera yonse zivute zitani. Mu 1966, ku Washington ku America, anthu a m'nyumba zosanja za Clifton Terrace anakana kulipira chifukwa nyumbazo zinali ndi zolakwika zokwana pafupifupi 1,500. Pa mlandu wawo, Javins v First National Realty, woweruza J. Skelly Wright ananena mu 1970 kuti munthu wa m'tauni akamachita lendi safuna nthaka ngati mlimi wakale, amafuna pogona pamene pali makoma, madzi, magetsi ndi zitseko zotsekeka, choncho udindo wolipira ndi udindo wokonza n'zomangirirana. Koma taonani, m'milandu yotereyi khoti limatha kulamula kuti lendi iziperekedwa kukhoti komweko mpaka mlandu utatha. Wochita lendi sasunga ndalamayo m'thumba, landilodi nayenso saigwira asanakonze. Njira imeneyo ikanakutetezani inu kwa munthu wanu uja, ikanawatetezanso Mayiwa.

Mayi, mukasankha zokambirana monga anenera bambowa, pepalalo litchule tsiku lotuluka, ndalama ya denga, dipoziti yonse ndi tsiku lolandira. Musasaine chilichonse chokhala ndi mawu akuti simudzafunanso kanthu ndalama zisanalowe mu foni yanu. Tsiku lotuluka muyendere nyumba limodzi chipinda ndi chipinda, mujambule mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka, ndipo makiyi musapatse mnyamata uja. Apite m'manja mwa mwini wake, asaine kuti walandira.